Ankati Khofi Amakhutitsa

Kwathu kuno kwa Mwambo chaka chimenecho timachitchula kuti chaka chimene nyanja inathawa. Ena amati chaka cha nyika, poti ndi zimene tinkakumba m'matope n'kumadya. Kwa ine ndi chaka chimene bambo anga anamwalira ndi njala, pakhomo pamene ine mwana wawo ndinkaphika tsiku ndi tsiku. Anthu akamandipepesa amati anali atakalamba, nthawi yawo inali itakwana. Ndimangoti zikomo, koma ndimadziwa kuti sinakwane, ndipo ndatopa nako kuvomera zimenezo.

Okutobala

Bambo anga, a Laisoni, anathera unyamata wawo pa esiteti ya khofi kumapiri a ku Thyolo. Anayamba ndi kuthyola zipatso, kenako anawaika pa mathandala oyanikira, ndipo pomaliza anali kukhitchini kwa manejala, kumene ntchito yawo inali kukazinga khofi ndi kumuphika. Atapuma ntchito anabwera kumudzi kwa amayi ndi njinga, chiwaya chakuda bii ndi mbande zisanu ndi ziwiri. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Khofi ndi mbewu ya kumapiri kozizira, pamene kuno kufupi ndi Chilwa ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Iwo anangokumba maenje kuseri kwa bafa, pamthunzi wa mango, pamene madzi osamba amayenderera. Mbande ziwiri zinafa, zisanu zinagwira, ndipo anzathu achiyawo anawapatsa dzina loti Che Khofi.

Pofika chaka cha njalacho amayi anali atamwalira zaka zitatu m'mbuyomo. Mwa mwambo wathu bambo anayenera kusudzulidwa n'kubwerera kwawo, koma kwawo kunali kuti? Makolo awo anachokera ku Mozambiki kalekale, abale awo anamwazikana m'maesiteti. Amalume anati akhale, ndipo anakhaladi, koma anakhala ngati munthu amene wabwereka mpando. Munda unali wanga, nkhokwe inali yanga, ndipo iwo sankaiwala zimenezo ngakhale tsiku limodzi. Ndikawakalipira kuti asiye kupempha chilolezo pothyola mango a mtengo umene anabzala okha, ankangoti, "Mlendo ndi mame, Felesiya."

Ankadyera okha pakhonde la kanyumba kawo. Ndinkapita ndi madzi osamba m'manja, kugwada, kuika mbale, n'kuchokapo. Mwana wamkazi wolongosoka sakhala pansi kumawerenga mbamu za bambo ake. Pakapita kanthawi ndinkabwera kudzatenga mbale, ndipo nthawi zonse munkatsala kachidutswa, chifukwa munthu wamkulu sakombeza, amasiyirako ana. Ndinakula ndikuziona choncho ndipo panalibe chachilendo.

Mwezi umenewo ndinali ndi khanda la miyezi iwiri, Tiyamike, amene bambo ankamutchula kuti akazi anga, monga amachezera agogo ndi adzukulu awo. Amuna anga, a Dankeni, anali asodzi a matemba. Koma madzi anali akuthawa sabata ndi sabata, moti ku Kachulu mabwato anali atakhala pamatope ong'ambika ndipo asodzi ankaswera pansi pa mitengo kusewera bawo. M'nkhokwe chimanga chinali cholekeza m'mawondo, chifukwa chaka chapitacho madzi osefukira anatikokolorera theka la munda.

Ndi mwezi womwewo pamene bambo anandiitana kuti ndiphunzire kukazinga, poti manja awo anali atayamba kunjenjemera. Khofi wa chaka chimenecho anali atamuthyola m'nyengo yozizira, kumuyanika, kumukonola mumtondo ndi kumupeta, ndipo anadzaza zitini ziwiri.

"Makala okha, Felesiya. Lawi ndi la chimanga, khofi safuna kuthamangitsidwa."

"Ababa, ine ndili ndi mwana kumbuyo, madzi sindinatunge. Nyemba zanu zowawazi mpaka ndizikhalire pansi?"

"Takasa. Ukaleka apsa mbali imodzi. Ndipo tseka pakamwapo, utsegule makutu."

Ndinatakasa ndi mthiko, nkhope nditakwinya. Njere zobiriwira zija zinachita chikasu, zinafiirira, kenako zinayamba kuthetheka imodziimodzi.

"Wamva? Pamenepo wadzuka. Werenga mumtima mpaka makumi atatu, uphule. Ukadikira athetheke kachiwiri ndiye umwa makala, monga ankakondera manejala wathu wachiwiri, munthu wopanda lilime."

Pokazinga ndi pamene ankalankhula kwambiri. Ankati khofi woyamba m'dziko muno anachokera ku kamtengo kamodzi kamene amishoni anabwera nako pa sitima, tinzake titafera panjira, ndiponso kuti ku Zomba konkuno kunali minda ya khofi fodya asanatchuke. Ankati pali arabika wa kumapiri ndi robusita wa kotentha, wowawa ngati mankhwala a malungo. Pali gesha, wamtali, wonunkhira maluwa koma wodwaladwala, ndipo pali katimo, wamfupi, wopirira, amene ndiye anali kuseri kwa bafa. "Katimo ndi Mlomwe," ankatero. "Umuike paliponse, amera." Ine ndinkangoti eya, maganizo ali kunkhokwe.

Novembala

Mvula yoyamba inagwa pakati pa mwezi, yamphamvu, ya tsiku limodzi. Patapita masiku ochepa mitengo isanu ija inachita maluwa oyera mbee, fungo lake kufika kunjira, ndipo bambo anakhala pamenepo m'mawa wonse ngati alandira alendo. Ife tinathamangira kumunda. Tinabzala chimanga, nandolo ndi maungu. A Dankeni ankakumba mapando, bambo ankaponya mbewu, ine ndinkakwirira ndi phazi mwana ali kumbuyo.

Chimanga chinamera bwino, chinafika masamba atatu, dzuwa n'kubwera. Masabata atatu kumwamba kunalibe ndi kamtambo komwe. Masamba anapota, kenako anagona pansi, ndipo tsiku lina tinapeza mizere yokhayokha.

A Dankeni anati sangakhale n'kumayang'ana matope. Anzawo ankapita ku Mozambiki kukagwira ganyu m'minda ya chinangwa, malipiro ake makaka, chinangwa chouma, ndipo iwonso anamanga khasu ndi bulangete n'kuwatsatira. Anawoloka nyanja wapansi, chinthu chimene sindinkaganiza kuti ndidzaona ndi maso angawa. Anati abwera Khrisimasi isanafike.

Tinasiya phala la m'mawa. Shuga anatha, ndipo ndinkaganiza kuti bambo aleka khofi wawo, koma anandiseka. Anati khofi weniweni safuna shuga, shuga ndi wobisira zolakwa za wokazinga. Ndinawayankha kuti ngati ndi choncho akhala akubisa zawo zaka makumi atatu, ndipo anaseka mpaka kutaya wina pamalaya.

Disembala

Tinabzalanso ndi mbewu yopempha kwa abiti Saidi, mnansi wathu wachisilamu, mayi wachikulire amene anali mnzawo wa amayi anga. Mvula inkangowaza, yokwanira kunyengerera mbewu kuti imere. Sabata ya Khrisimasi ndinalowa m'nkhokwe ndi tsache n'kusesa njere zotsala pamodzi ndi anankafumbwe omwe.

Kumsika chimanga chinasiya kugulitsidwa pa ndowa, chinayamba kugulitsidwa pa kambale, ndipo kambaleko kankachepa pamene mtengo ukukwera. Ukafunsa m'mawa n'kupita kukaganiza, pobwera masana unkapeza zasintha. Ndinagulitsa nkhuku, kenako mbuzi yathu imodzi yomwe ija, kwa anthu a ku tauni amene ankabwera ndi njinga zamoto n'kumatchula mtengo osayang'ana munthu kumaso. Ndinayamba kupita ku sikimu ya mpunga kukawokera mbande za eni ake, malipiro ake madeya. Tinayamba kudya kamodzi patsiku, dzuwa litapendeka.

Amene sanayamwitsepo pa njala sangamve zimene ndikunena. Mwana akamayamwa umamva ngati akukoka ndi mafupa omwe, ukaimirira maso amachita mdima. Ndinkadya gawo langa n'kumayang'ana mumphika ngati mutuluka china.

Tsiku lina nditapita kukatenga mbale ya bambo ndinapeza muli theka lathunthu.

"Ababa, ndiwo sizinakome?"

"Zakoma. Ndakhuta."

"Mwakhuta chiyani, mbamu zitatu?"

"Khofi, mayi. Iwe sudziwa kuti khofi amakhutitsa? Azungu aja ankamwa kapu imodzi m'mawa n'kufika masana osaika kanthu kukamwa. Unamva kuti wina anagwa? Tenga, akazi anga adyere mwa iwe."

Ndinatenga mbale ija. Ndinapita nayo kuseri kwa khitchini, ndinadya chiimirire, mofulumira ngati wakuba, mpaka kunyambita zala. Madzulo amenewo mabere anadzaza, mwana anayamwa n'kugona osalira. Ndinadziuza kuti bambo agwira khofi moyo wawo wonse, akudziwa zimene akunena. Mawa lake ndinakazinga mosamala kuposa masiku onse.

Khrisimasi inadutsa, a Dankeni osaoneka. Munthu wina wobwerako anati anawaona ali moyo, ndipo ndinakhutira ndi mawu omwewo.

Januwale

Mwezi umenewu tinkakhalira mphekesera. Kunamveka kuti malole a chimanga aima pa Songani, anthu ananyamuka wapansi ndi matumba opanda kanthu, n'kukapeza malole a simenti. Kunamveka kuti ogulitsa ena akusakaniza madeya ndi utuchi, ndipo tinayamba kununkhiza tisanagule. Ena ankati nyanja sidzabweranso. Mabanja awiri a m'mudzi mwathu anatseka zitseko ndi minga n'kupita kwa abale ku Liwonde, ena anachotsa malata padenga n'kukagulitsa mvula ili pafupi.

Kenako kunabwera kalembera wa chithandizo. A komiti anatilemba ngati khomo limodzi, poti tinkaphika mphika umodzi, ndipo sindingadandaule chifukwa ambiri sanalembedwe n'komwe. Thumba linabweradi. Koma kwathu kuno thumba silidyedwa ndi khomo limodzi. Mng'ono wa amayi anabwera ndi kadengu, ana a amalume anabwera, abiti Saidi amene anatipatsa mbewu sindikanawamana. Linatha masiku khumi.

Mbiri inayenda yoti Che Khofi sadya, ali ndi mankhwala a njala. Tsiku lina kunabwera a Pitala, okonza njinga, munthu wamkulu thupi amene njala inali itamusiyira khungu lolendewera.

"Achimwene, tamva kuti muli ndi mankhwala. Musamadye nokha, tonse ndife anthu."

"Si mankhwala, ndi khofi. Felesiya, apatse a Pitala."

Anamwa makapu awiri m'mimba mopanda kanthu, akutsinzina ndi kuwawa. Pasanathe ola anabwerera atagwira pachifuwa, thukuta lili kamukamu.

"Mtima ukugunda ngati ng'oma ya tchopa! Manja akunjenjemera, koma njala ili pomwepo! Mukufuna mundiphe, a Laisoni?"

Bambo anaseka mpaka kutsokomola. Nanenso ndinaseka, ndipo kunali kuseka kwanga koyamba mwezi umenewo. Mawu aja oti njala ili pomwepo ndinawamva bwinobwino, koma ndinawasiya adutse.

Ganyu atasowa, ine ndi abiti Saidi tinayamba kupita kumadambo otsala kukakumba nyika. Tinkalowa m'matope olekeza m'ntchafu n'kumafufuza ndi zala zakumapazi, udzudzu ukutidya masana. Nyika zimadzaza mimba koma sizifika m'miyendo. Ndinkaziphika m'mawa, madzulo n'kuvundula kansima ka madeya ndi masamba a chisoso.

Bambo anali atafika pa makapu atatu patsiku. Kuti zitini zisathe msanga anandiuza kuti ndiziwiritsanso nsenga zake kawiri, mpaka madzi ake ankatuluka ofiirira pang'ono chabe. Mbale inkabwerera atangoitsina pakona. Apa ndi pamene pamandipweteka kwambiri, ndipo sindinauzepo ngakhale amuna anga: pogawa ndinayamba kuika yambiri m'mbale ya bambo, ndikudziwa kumene ikathere. Munthu akanaona akanati mwana uyu amalemekeza bambo ake.

Febuluwale

Mvula yeniyeni inabwera mwezi umenewu. Chimanga cha m'Disembala chimene chinapirira chinadzuka n'kubiriwira, maungu anayanga, koma chobiriwira si chakudya. Ndi mwezi umene maliro anachuluka, ndipo pamaliro anthu ankabalalika msanga poti panalibe chophika.

Tsiku lina abiti Saidi anabwera kudzapala moto. Anapereka moni kwa bambo pakhonde, anachedwa pang'ono, kenako anandikodola kuti tipite kumtondo.

"Amake Tiya, mwawaona mapazi a bambo anu?"

"Ndi ukalamba, amayi. Amakhalitsa pansi."

"Ukalamba? Nsapato zija anasiya liti kuvala? Ife timasala mwezi wathunthu, nkhope ya munthu wosadya timaidziwa. Koma ife dzuwa likalowa timamasula. Iwowa amamasula liti?"

"Amati khofi amawakhutitsa."

Anandiyang'ana, moto uli m'manja. "Inu mwakhulupirira, kapena mwafuna kukhulupirira?"

Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti asamale za pakhomo pawo, mayi amene anandiona ndikubadwa. Ananyamula moto wawo n'kumapita. Ine ndinakaima patali n'kuyang'ana bambo anga bwinobwino koyamba m'miyezi iwiri. Mapazi anali atatupa ngati mikate, khosi linali litatsala mitsempha, lamba anali atamuboola mabowo ena awiri ndi msomali.

Madzulo amenewo ndinaika mbale, koma sindinachoke. Ndinakhala pansi pakhonde pomwepo.

"Wakhaliranji pamenepo?"

"Ndikufuna ndikuoneni mukudya."

"Ndinakulera choncho ine?"

"Mundikalipira mukatha kudya, ababa. Chiwaya ndabisa, chitini ndabisa. Khofi watha pakhomo pano mpaka mapazi amenewo aphwe."

Anadya pang'onopang'ono, akuyang'ana kumbali, tonse awiri manyazi atatigwira. Anamaliza yonse. Ndinachita chimodzimodzi tsiku lachiwiri ndi lachitatu, ine n'kumadya kagawo kanga kokha. Tsiku lachiwiri mkaka unachepa. Tsiku lachitatu Tiyamike ankakoka bere, kulisiya, kukuwa, kuligwiranso, mpaka kulira kwake kunasanduka kamawu kakang'ono ngati ka mwana wa mphaka. Ndinayesa kumupatsa phala la madeya, anabweza lonse. Liwombo lake linayamba kulowa. Nyumba zathu zinali zoyandikana, ndipo bambo ankamva zonse.

M'mawa wa tsiku lachinayi ndikuchokera kumjigo ndinamva fungo ndili kunjira. Chitini anali atachipeza m'nkhokwe yopanda kanthu muja. Chiwaya sanachipeze, ndiye anali atatereka phale. Ndinawapeza atagwada pamafuwa, manja akunjenjemera, njere zina zitagwera m'phulusa, akuzitola imodziimodzi ndi chala chimene chinali chitapsa kale.

"Ababa."

"Akupserera. Manja angawa sakufulumira."

"Ababa, mufa."

"Ine ndadya zaka zanga, ndadya ndi za pamudzi pa eni ake. Akazi angawo sanalawe ndi chimanga chachiwisi chomwe. Ukufuna ukaike ndani, Felesiya? Poti chakudya chilipochi n'cha anthu awiri, si atatu."

Ndinaima ndowa ili pamutu. Mwana kumbuyo anali chete, kukhala chete kumene ndinkakuopa kuposa kulira.

"Takasa," anatero. "Akupsa mbali imodzi."

Ndinatula ndowa. Ndinagwada, ndinatenga mthiko m'manja mwawo, n'kutakasa. Palibe anandikakamiza. Ndinamva kuthetheka, ndinawerenga, ndinaphula, ndinasinja, ndinawiritsa madzi, ndipo ndinawapatsa kapu ndi manja awiri. Madzulo ake ndinaika mbale n'kuchokapo monga mwa kale. Inabwerera yodzaza, ndipo ndinadya ndikulira, koma ndinadya yonse. Kuyambira tsiku limenelo sindinganamizire kuti sindinkadziwa.

Malichi

Chimanga chinamasula ngayaye, chinabereka. Madzi anayamba kubwerera kunyanja, ndipo kunamveka kuti wina wagwira matemba odzaza chipewa. M'mawa uliwonse ndinkapita kumunda kukasenda nsonga ya chisononkho n'kudina ndi chikhadabo, ndipo munkatuluka madzi okhaokha. Ndinkachitukwana chimanga chija ngati chili ndi makutu.

Bambo anali atasiya kutuluka. Ndinkawakokera mkeka pakhomo kuti aziona kunja, ndipo funso lawo linali limodzi.

"Chafika pati?"

"Ndevu zayamba kuuma, ababa."

"Basi katsala pang'ono. Tidya, mayi. Choyamba undiwotchere, osati kuphika."

Ndinkawamwetsa phala la masamba a maungu ndi supuni, ankalandira masupuni awiri n'kutembenuza nkhope. Kapu yokha ndi imene sankakana. Nthawi zina ankangoigwira ndi manja onse awiri n'kumanunkhiza mpaka izizire.

A Dankeni anabwera sabata yachiwiri, ataonda, thumba la makaka lili pamutu. Malungo anawagwira kumeneko ndipo anagona mwezi wathunthu m'chisakasa cha munthu wachifundo. Ndinalibe mphamvu zowakalipira. Ndinasinja makaka tsiku lomwelo, ndinaphika, ndinadzaza mbale ya bambo ndipo ndinawauza kuti tsopano chakwanira anthu anayi. Anafuna kudya, ndinaona m'maso mwawo kuti akufunadi. Anadya mbamu zingapo, koma mimba inali itaiwala ntchito yake. Mawa lake anayamba kutsekula.

Tinamanga mpando panjinga yawo yomwe ija, a Dankeni akukankha, ine nditawagwira kumsana, mpaka kuchipatala chaching'ono. Adokotala anadina phazi ndi chala, dzenje linatsala pomwepo. Ananditembenukira.

"Akhala akudya bwanji agogowa?"

Ndisanatsegule pakamwa bambo anayankha okha, ndi mawu amene ndinkaganiza kuti alibenso. "Bwinobwino, adokotala. Mwana wangayu amandisamala."

Anawaika diripi, anayesetsa ndithu anthu aja. Bambo anamwalira tsiku lachitatu, dzuwa lili paliwombo, ine nditatuluka kukayamwitsa pansi pa mtengo. Amalume anati aikidwe pafupi ndi amayi, ndipo kumanda ananena pamaso pa anthu kuti a Laisoni sanali mlendo pamudzi pano. Ndinalakalaka akananena zimenezo munthu ali moyo, ngakhale sindikudziwa ngati zikanasintha kanthu. Abiti Saidi anakhala pambali panga masiku onse a maliro ndipo sanandikumbutse mawu amodzi.

Chimanga chinakhwima patapita masiku asanu ndi anayi. A Dankeni anathyola zisononkho zinayi n'kundifunsa kuti tiphike kapena tiwotche. Ndinati tiphike.

Epulo

Tinakolola pang'ono, kokwanira kufika nako m'nyengo yozizira, ndipo nandolo anali akubwera. Mabanja aja anabwerako ku Liwonde n'kuchotsa minga pazitseko. Kumsika ndowa inabwerera. A Dankeni anamata bwato lawo ndi phula n'kubwerera kunyanja, ndipo tinayambanso kudya kawiri. Anthu anayamba kuseka za nyika ngati nkhani ya kalekale.

Kumapeto kwa mwezi kunali sikelo ya ana pansi pa mtengo wa patchalitchi. Tinasonkhana azimayi ambiri, ndipo ndi tsiku limenelo pamene ndinaona bwino zimene chaka chija chinachita. Ana ena anali ndi tsitsi lofiira lonyololoka, ena timiyendo ngati bango, ndipo ambiri ankawalembera chiponde. Alangizi a zaumoyo anali mtsikana wachilendo, wongobwera kumene kuchokera ku Zomba, wansangala, wosadziwa aliyense wa ife.

Itafika nthawi yanga anamuveka Tiyamike kabudula wa sikelo n'kumupachika. Mwana anapalasa miyendo akuseka. Alangizi anayang'ana muvi, anayang'ana khadi, anayang'ananso muvi, kenako anawomba m'manja.

"Azimayi, tamverani kuno! Taonani mwana uyu. Chaka chomwechi, mudzi womwewu, njala yomweyi, koma taonani matuntu awa. Tiwaombere m'manja amayi ake!"

Anaomba. Abiti Saidi anali pomwepo ndi mdzukulu wawo, manja ali pamwendo, maso ali pansi.

"Mayi, imirirani, muwaphunzitse anzanu. Munkadya chiyani kuti mkaka usathe?"

Ndinaimirira. Ndikanatha kunena nyika, ndikanatha kunena madeya kapena masamba a maungu, ndipo akanandiombera m'manja kachiwiri.

"Ndinkadya nsima ya bambo anga."

Mayi wina kumbuyo anaseka poyesa nthabwala, mnzake anamugwira dzanja, ndipo pansi pa mtengo ponse panati zii. Alangizi sanazindikire kanthu. Analemba pa khadi akumwetulira n'kundipatsa.

"Ndiye mukawathokoze bambowo, mukawauze kuti achita bwino," anatero, n'kuitana dzina lotsatira.

Ndinamuchotsa Tiyamike pa sikelo, ndinamubereka, ndinamanga nsalu pachifuwa. Kuchokera patchalitchi kufika kwathu si patali, koma ndinapuma katatu panjira, chifukwa mwanayo ankalemera.